Giza ikapsa, filiji ikafa: kodi kulipiriratu zokonzetsa n'kwanzeru?

Nyumba za ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi mbali zina za Area 47 zimasenza katundu wamagetsi wochuluka kuposa momwe eni ake amaganizira. M'denga muli giza, pena ziwiri. Kukhitchini kuli kuka, filiji ndi filiza yosungiramo nyama ndi chambo. Kuseri kuli makina ochapira, pampu yokwezera madzi m'thanki, mota ya pageti, ndipo masiku ano m'galaja kapena pakona ya khonde simulephera kupezeka inveta ndi mabatire a sola. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi tsiku lake lofa, ndipo tsikulo silifunsa ngati mwezi uli pakati kapena ngati ana angolipiridwa fizi. N'chifukwa chake munthu akamva kuti akhoza kumalipira kandalama pamwezi kapena pachaka kuti chinthu chikawonongeka wina ndiye asenze mtolo wokonzetsa, mtima umakopeka msanga.

Ine maganizo anga ndi akuti kwa mabanja ambiri a mu Lilongwe, kulipiriratu zokonzetsa chipangizo chimodzichimodzi n'kutaya ndalama. Koma pali inshuwaransi ina yomwe mwini nyumba aliyense sayenera kugona alibe, ndipo vuto ndi lakuti anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Mapepala olonjeza chithandizo alipo amitundu ingapo. Loyamba ndi waranti ya wopanga, yomwe imabwera ndi katundu watsopano popanda kuwonjezera ndalama, kawirikawiri ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ngakhale kompuresa ya filiji ndi thanki ya giza nthawi zina zimapatsidwa zaka zochulukirapo. Lina ndi waranti yowonjezera, yomwe wogulitsa amakuuzani muli pakauntala kuti muwonjezere ndalama kuti lonjezo lija litalike. Palinso inshuwaransi ya nyumba ndi ya katundu wa m'nyumba, yomwe makampani monga NICO General, Britam, General Alliance, Reunion ndi United General Insurance amagulitsa. Iyi kwenikweni ndi ya ngozi: moto, akuba, mphenzi, mphepo yosasula denga, madzi ophulika m'mapaipi. Ndiye pali mgwirizano wa pachaka ndi kampani kapena mmisiri, woti azibwera kudzayendera zipangizo ndi kuzikonza zikafa. Anthu akamati "ndili ndi inshuwaransi", nthawi zambiri amakhala ndi yachitatuyo koma mumtima akuganiza kuti ali ndi zonse.

Malonda olipiriratu zokonzetsa anakula kwambiri ku Britain, ndipo kumeneko ali ndi chifukwa chomveka. Nyumba zambiri zimafunditsidwa ndi boyila ya gasi, yomwe imatenthetsa madzi oyenda m'mapaipi a zipinda zonse. Boyila ikafa mu Januwale, madzi akuundana panja, nkhalamba ndi makanda amakhala pangozi yeniyeni. Lamulo sililola aliyense kugwira ntchito yolipidwa pa zipangizo za gasi kupatula mmisiri wolembetsedwa, ndipo ola limodzi la mmisiri woteroyo ndi lodula kwambiri. Makampani monga British Gas ndi HomeServe anakula pogulitsa lonjezo lakuti mukaimba foni, munthu wodziwa ntchito afika. Komabe ngakhale komweko malondawa akhala ndi mbiri yokayikitsa. Mu 2003 bungwe loona za mpikisano pamalonda m'dzikomo linapeza kuti masitolo ogulitsa zamagetsi analibe wopikisana nawo kwenikweni pogulitsa waranti yowonjezera, popeza wogula amaigula ali pomwepo osafunsa kwina. Mu 2005 panatuluka lamulo lowakakamiza kulemba mtengo wa warantiyo pambali pa mtengo wa katundu, ndi kupatsa wogula masiku 45 oti asinthe maganizo n'kubwezeredwa ndalama. Mu 2014 bungwe loyang'anira za chuma la FCA linalipiritsa HomeServe chindapusa choposa mapaundi 30 miliyoni chifukwa cha momwe inkagulitsira inshuwaransi yake ndi momwe inkasamalira madandaulo a makasitomala.

Kuno zinthu n'zotembenuka. Ku Britain chodula ndi munthu, pomwe sipeya amapezeka mawa lake. Ku Lilongwe mmisiri ndi wotsika mtengo, mwinanso timamulipira mochepera kuposa luso lake, koma sipeya ndiye wodula, chifukwa amachokera ku South Africa, ku Dubai, ku China kapena ku Dar es Salaam ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa. Komanso giza ikafa mu Julayi, inde kumazizira, m'mawa wa ku Area 43 umaluma ndithu, koma palibe amene amwalire. Mumatereka madzi pa kuka kapena pa mbaula, mumasamba m'ndowa masiku awiri atatu, moyo n'kumapitirira. Chomwe Mngerezi amagula ndi ndalama yake ya pamwezi, ife tili nacho kale pamtengo wotsika. Chomwe ife tikusowa, pepala lija silingachibweretse.

Masamu ake ndi osavuta. Kampani iliyonse ya inshuwaransi iyenera kutolera ndalama zambiri kuposa zomwe imalipira anthu ogweredwa ngozi, chifukwa pa ndalama yomweyo payenera kuchoka komishoni ya wogulitsa, malipiro a antchito, lendi ya ofesi, msonkho ndi phindu. Uku si kuba, ndi momwe malondawo amakhalira. Tanthauzo lake ndi lakuti mukasonkhanitsa ogula onse, iwo amapereka zambiri kuposa zomwe amalandira. Tiyerekeze filiji ya K1,000,000, ndipo akuuzani kuti muzilipira K100,000 pachaka waranti ya wopanga ikatha. Pakutha pa zaka zisanu mwapereka theka la mtengo wa filijiyo. M'zaka zisanuzo, filiji yosamalidwa bwino mwina ifuna mmisiri kamodzi, mwina osamufuna n'komwe, ndipo chofala kwambiri chimakhala kanthu kakang'ono: themositati, kachipangizo kolizira kompuresa, labala wa pachitseko. Inshuwaransi imakhala ndi nzeru pamene tsoka lake ndi losowa koma likagwa limakugwetsani pansi osadzukanso. Kukonzetsa filiji si tsoka lotere. Kupsa kwa nyumba ndiye lotere.

Tsopano tifike pa chimene chimapha zipangizo mu mzinda muno, chifukwa ndi pomwe nkhani yonse yagona. Si ukalamba kwenikweni. Ndi magetsi.

Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe EGENCO imawapanga kuyambira pomwe inapatukana ndi ESCOM mu 2017. Madzi a m'nyanja atatsika m'zaka za 2016 ndi 2017, Lilongwe anakhala mumdima maola ambirimbiri patsiku. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kuthimathima kunapitirira mpaka mu 2023. Koma chipangizo sichifa pamene magetsi azima. Chimafa pamene akubwera. Nthawi imeneyo mphamvu imatha kudumpha kwa kanthawi kochepa, kapena kubwera, kuzima, n'kubweranso m'mphindi imodzi. Kompuresa ya filiji ikaima imafuna mphindi zingapo kuti gasi wa m'kati akhazikike isanalizidwenso. Mukaikakamiza kudzuka nthawi yomweyo imakoka mphamvu yambiri, imatentha, ndipo tsiku lina mawaya ake a m'kati amapsa. Magetsi ofooka a madzulo, pamene Lilongwe yense akuphika nsima, amavutitsanso mamota chimodzimodzi: babu ikuwala mofiira, pampu ikulira koma osakweza madzi.

Choopsa kwambiri ndi kuduka kwa waya wa nyutulo. Akuba akasakaza thiransifoma pofuna mafuta kapena kopa, zomwe ESCOM yakhala ikudandaula kwa zaka, kapenanso waya akangomasuka pa polo, nyumba zina zimalandira mphamvu yoyandikira mavoti 400 m'malo mwa 230. Pamenepo mababu amaphulika, TV imatulutsa utsi, ma chaja amasungunuka, ndipo mzere wonse wa nyumba umadzuka ukulira tsiku limodzi. Onjezani mphenzi za pakati pa Novembala ndi Epulo, zomwe zimalowera m'mawaya a magetsi, pa dishi ngakhale pa mpanda wamagetsi.

Ndiye tengani pepala la waranti, la wopanga kapena lowonjezera, muwerenge timalemba tating'ono ta kumapeto. Nthawi zambiri mupeza kuti kuwonongeka kobwera chifukwa cha kusinthasintha kwa mphamvu ya magetsi, mphenzi, madzi, makoswe ndi mphemvu sikuli m'gulu la zolipiridwa. Waranti imalonjeza kukonza cholakwika cha ku fakitale. Koma cholakwika cha ku fakitale chimaonekera kawirikawiri m'miyezi yoyamba, pamene waranti yaulere ikadali moyo. Zaka zomwe mukuwonjezera ndi ndalama zanu ndi zaka zomwe chipangizo chabwino sichidwaladwala, ndipo chikadwala chimadwala matenda omwe pepala lawakana. Ichi ndicho chimandiwawa pa malonda amenewa: munthu amalipira mokhulupirika, n'kudzamva tsiku la tsoka kuti "zimenezi ndi za magetsi, bwana, ife sizikutikhudza".

Inshuwaransi ya nyumba nayo ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanagweredwe ngozi. Siilipira kutha kwa chinthu chifukwa cha ukalamba kapena dzimbiri. Kufa kwa makina paokha, popanda ngozi yochokera kunja, kawirikawiri sikulowamo pokhapokha mutapempha kuti awonjezere ndipo mwalipira. Kudumpha kwa mphamvu ya magetsi makampani ena amakulandira, ena amafuna muwonjezere ndalama, enanso amaika malire a ndalama yomwe angapereke. Palinso gawo loyamba la chiwonongeko lomwe mumalipira nokha kampani isanaikepo yake. Ngati gawolo ndi lalikulu kuposa mtengo wa elementi ya giza, ndiye kuti elementi ikapsa palibe chopitira ku ofesi yawo. Funsani mafunso amenewa limodzilimodzi kwa wogulitsa kapena buloka, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Giza imafuna kuiona pafupi, chifukwa imatha kuwononga nyumba kwambiri. Kwerani m'denga ndi tochi tsiku lina, makamaka ngati mukukhala m'nyumba zomangidwa m'zaka za m'ma 1970, pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba ndipo Capital City Development Corporation inkamanga Area 10, 11 ndi 12, kapena m'nyumba zakalekale za ku Area 3. Mupeza thanki ya malita 100 kapena 150 itagona pa matabwa awiri, fumbi lili mbuu, pansi pake pali dontho loyera louma pomwe madzi akhala akudontha mwakachetechete. M'kati mwa thankiyo muli elementi yotenthetsa madzi, themositati yoimitsa moto madzi akatentha mokwanira, ndi kandodo kachitsulo kofewa komwe ntchito yake ndi kudyedwa ndi dzimbiri m'malo mwa thanki. Kandodoka kakatha, dzimbiri limayamba kudya thanki yeniyeniyo. Ndi eni nyumba ochepa kwambiri amene anakasinthapo, ndipo ambiri sadziwa kuti kaliko. Panja pali valavu yochepetsa mphamvu ya madzi ndi ina yotulutsa madzi akatentha mopitirira. Pansi payenera kukhala thireyi yolandira madzi, yokhala ndi paipi yotulukira kunja kwa khoma, koma m'nyumba zambiri mulibe.

Madzi a Lilongwe Water Board akasiya kutuluka ndipo giza yakhuthuka, wina n'kuyatsa switchi, elementi imapsa m'mphindi zochepa chifukwa ikutentha popanda madzi. Madzi akabwerera usiku ndi mphamvu, valavu yotopa imalephera kuwagwira. Amene anakumbitsa zitsime zawo pofuna kuthawa vutoli amakumana ndi lina: madzi ena a pansi amakhala ndi mchere wambiri, womwe umamatirira pa elementi mpaka kuiphimba. Elementi ndi themositati ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi giza yonse, ndipo pulambala wabwino amasintha m'maola awiri. Izi si zolowera inshuwaransi. Koma thanki ikabooka usiku, kapena banja lili ku mudzi pa Khrisimasi, madzi samathera pa malita 150 aja. Paipi imapitiriza kudzaza. Siling'i imanyowa n'kugwa, mawaya amalowa madzi, makabati amafufuma, matailosi a matabwa amatukuka. Chiwonongeko chotere chimaposa mtengo wa giza kangapo, ndipo ichi ndicho inshuwaransi ya nyumba imalipira, ngakhale kuti thanki yodyedwa ndi dzimbiriyo mwina mudzagula nokha. Amene anakhalapo ku Joni akudziwa kuti kumeneko giza yophulika ndi imodzi mwa nkhani zomwe makampani a inshuwaransi ya nyumba amalandira kawirikawiri, ndipo magiza athu ambiri, monga a Kwikot, amachokera komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kuli malamulo a kaikidwe ka giza omwe pulambala ayenera kutsata, pomwe kuno zimadalira chikumbumtima cha amene anaiika.

Amene anagula nyumba ndi ngongole ya kubanki ali nayo kale inshuwaransi ya nyumbayo, chifukwa banki siilola ngongole popanda iyo. Koma imeneyo imateteza makoma, denga ndi zomangiriridwa ku nyumba. Sofa, TV, filiji ndi zovala zimafuna inshuwaransi yake ya katundu wa m'nyumba. Wochita lendi naye asaganize kuti pepala la landilodi likumuphimba.

Apa pakubwera nkhani ya kwacha, yomwe imasokoneza masamu onse, a wogula ndi a kampani omwe. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. M'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi zoposa 25 peresenti pachaka. Munthu amene analembetsa katundu wake pa mtengo wa 2021 n'kumangolipira chaka ndi chaka osasintha nambala, ali ndi inshuwaransi ya theka kapena yochepera apo. Ndipo m'mapepala ambiri muli ndime yakuti mukalembetsa katundu pa mtengo wochepera mtengo wake weniweni, kampani idzalipira gawo lolingana ndi lomwe munalembetsa. Katundu wa K20 miliyoni mukamulembetsa pa K10 miliyoni, akuba n'kutenga wa K4 miliyoni, mudzalandira K2 miliyoni, kuchotsaponso gawo lanu lija. Ambiri amadziwa za ndime imeneyi tsiku lomwe akulandira cheke. Choncho chaka chilichonse, musanalipire, yendani m'nyumba ndi kope, mulembe katundu ndi mtengo wogulira watsopano lero.

Kukwera mitengo komweku ndiko mfundo yamphamvu kwambiri ya amene amakonda waranti yowonjezera, ndipo ndiyenera kuivomereza. Ngati mulipira lero ndalama yokhazikika ya zaka zitatu, ndipo kampani yalonjeza kukonza kapena kukupatsani chipangizo china chofanana, ndiye kuti kugwa kwa kwacha kwasenzedwa ndi iwo. Zikatero pepalalo lili ndi phindu. Koma yang'anani bwino mawu ake. Ngati akuti adzabweza ndalama yomwe munagulira, kapena mtengo wa chipangizocho atachotsa za kutha kwake, ndalamayo pofika chaka chachitatu siigula ngakhale theka la chatsopano. Funsaninso kuti wokonza ali kuti. Ngati ali ku Blantyre kapena ku Johannesburg, ndani alipire thiransipoti? Sipeya akasowa chifukwa cha ndalama zakunja, mudikira masabata angati, ndipo pakadali pano nyama mukuisunga kuti? Lonjezo lopanda tsiku lomalizira kukonza ndi lonjezo lopanda mano. Komanso sitolo ikatsekedwa kapena kusintha eni, zomwe taziona kangapo mu mzinda muno, pepala lomwe linali la sitoloyo yokha, lopanda kampani ya inshuwaransi kumbuyo kwake, limafera pomwepo.

Njira yomwe anthu ambiri a mu Lilongwe amatsata, olemera ndi osauka omwe, ndi ya ku Old Town. Mumsewu wa Malangalanga ndi tinjira ta Area 2 muli mashopu a hadiweya ndi zamagetsi momwe mumapezeka maelementi, mathemositati, mapuleti a kuka, mavalavu, makompuresa atsopano ndi ochotsedwa m'mafiliji akufa. Pakhonde pa mashopuwo pamakhala amisiri, chikwama cha zida chili pamwendo, akudikira ntchito. Ena anaphunzira ku Lilongwe Technical College ndipo ali ndi mapepala a TEVETA, ena anaphunzira poyang'ana manja a amalume awo, ndipo m'magulu onse awiri muli akatswiri ndi owononga. Apa ndi pamene ndimamvetsa munthu amene amafuna kampani: sakugula kukonza kokha, akugula munthu amene angamutsate zinthu zikalakwika.

Njira yodziwira mmisiri wa filiji ndi kumuona akugwira ntchito. Filiji ikasiya kuzizira, mawu oyamba omwe mumamva ndi akuti "gasi watha, tithire wina". Koma gasi wa filiji satha ngati wophikira. Amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo ngati wachepa ndiye kuti pena pabooka. Wongothira gasi adzabweranso pakatha mwezi kudzathira wina. Mmisiri weniweni amayamba wamvetsera kompuresa, kuyeza mphamvu pa soketi, kuyesa kachipangizo kolizira. Akakayikira kubooka amapaka thovu la sopo m'malo olumikizira mapaipi n'kudikira kuti aone pomwe pakutuluka timathovu. Akapapeza amawotcherera, amasintha fyuluta, amakoka mpweya wonse ndi pampu, kenaka ndiye amathira gasi wa mtundu womwe walembedwa pa chikwangwani cha kumbuyo, muyezo wake womwewo. Mafiliji ambiri atsopano amagwiritsa ntchito gasi wa R600a, yemwe amayaka moto, choncho wobwera ndi moto wowotcherera mosasamala m'khitchini yotseka mawindo ndi woti mumuimitse. Mukapeza mmisiri wochita zonsezi, sungani nambala yake, mulipireni bwino ndi pa nthawi yake, ndipo musamunyengerere mpaka kumutsitsa pa mtengo wa thiransipoti yokha. Gulani sipeya nokha kapena pitani naye limodzi, ndipo chochotsedwacho akusiyireni.

Ndalama yomwe ikanapita ku waranti yowonjezera ili ndi ntchito yabwino koposa. Yoyamba ndi zotetezera. Kachipangizo kopulagira filiji komwe anthu amati filiji gadi, monga ka Sollatek ndi ena, kamadula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira ndipo kamadikira mphindi zingapo kasanawabwezere. Mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa kompuresa. Palinso zotetezera nyumba yonse zoikidwa pa bokosi la magetsi, zina zoletsa mphamvu yopitirira, zina zolandira kudumpha kwa mphenzi. Zonsezi zimadalira waya wa pansi wabwino, ndipo m'nyumba zakale waya ameneyu amapezeka atadyedwa kapena atabedwa. Muitane wamagetsi wovomerezeka ndi MERA adzayeze. Adaputa yotchipa ya m'misika, yopulagidwa ketulo, ayironi ndi hita pamodzi, nayo imatha kupsereza nyumba.

Ntchito yachiwiri ndi kusunga, ndipo pano kusunga kwacha mu envelopu sikuthandiza chifukwa imasungunuka. Ena amaika gawo la ndalama zokonzetsera ku banki nkhonde kapena ku SACCO komwe imaberekako ndipo imatengeka msanga. Koma pa zinthu zomwe mukudziwa kuti zidzafa ndithu, ndi bwino kusunga chinthucho. Elementi ndi themositati ya giza yanu, puleti imodzi ya kuka, lamba wa makina ochapira, kapasita ya pampu: zigule lero, uziike m'kabati. Siziwola msanga, ndipo chaka chamawa zidzakhala zitakwera mtengo kapena zitasowa. Yachitatu ndi kuyendera kwa pachaka, kwabwino mu Okutobala mvula isanayambe: pulambala akwere m'denga, wamagetsi atsegule bokosi, kumbuyo kwa filiji kupukutidwe fumbi.

Alipo amene mgwirizano wa pachaka umawayenera. Mwini nyumba zingapo zochititsa lendi ku Area 9, Area 10 kapena Area 43, makamaka ngati alendi ake ndi a mabungwe akunja ndi akazembe omwe mgwirizano wawo umafuna kuti chowonongeka chikonzedwe msanga, amapindula kukhala ndi kampani imodzi yoyankha foni. Chimodzimodzi Mmalawi wokhala ku Leeds kapena ku Pretoria amene nyumba yake ikuyang'aniridwa ndi wachibale. Kwa iye mtengo wodziwika pachaka umachotsa mikangano ya "tumizani ndalama, giza yafanso", yomwe yadanitsa abale ambiri. Malo ogona alendo ndi odyera, omwe filiza ikafa tsiku limodzi amataya katundu wambiri, nawonso ali ndi chifukwa. Ngakhale pamenepo, mgwirizano ukhale wonena momveka kuti abwera kangati pachaka, afika pasanathe maola angati mukaitana, ndipo sipeya alipira ndani.

Pakati pa landilodi ndi wochita lendi, giza, pampu ndi mawaya ndi za mwini nyumba, pomwe filiji ndi makina omwe mlendi anabwera nawo ndi ake. Kuka yopezeka m'nyumba ndiye imayambanitsa anthu. Zilembedwe tsiku lolowa, pamodzi ndi zithunzi.

Sola ndi nkhani ina, ndipo ndi pomwe ndimasintha kalankhulidwe. Inveta ndi mabatire a lithiyamu a nyumba yaikulu amadya mamiliyoni, ndi zinthu zomwe mmisiri wa pakhonde sangazitsegule n'kuzikonza, ndipo zimakopa akuba ndi mphenzi. Apa waranti yaitali ya wopanga ndi yofunika kwambiri posankha kogula, ndipo imagwira ntchito pokhapokha zitaikidwa ndi munthu wovomerezeka motsata malangizo. Kugula batire lotchipa lopanda pepala kwa munthu wongobwera nalo m'galimoto n'kuika mamiliyoni pa mphepo. Mukaika sola, dziwitsani kampani yanu ya inshuwaransi kuti mapanelo, inveta ndi mabatire zilembedwe m'pepala ndi mtengo wake, apo ayi tsiku la moto adzati sakuzidziwa.

Pomaliza pali ufulu womwe muli nawo osalipira kalikonse. Lamulo loteteza ogula la 2003 ndi malamulo a mpikisano pamalonda salola wogulitsa kukugulitsani katundu wosagwira ntchito n'kubisala kuseri kwa chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda za zikwangwani zoterezi ndipo limalandira madandaulo a ogula. Kampani ya inshuwaransi ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka kapena ikamangozengereza, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, ku City Centre, chifukwa Gavanala wake ndiye mlembi woyang'anira mabungwe onse a zachuma. Katundu akapsa chifukwa cha vuto la pa mawaya a ESCOM, nenani tsiku lomwelo, tengani nambala ya lipoti, jambulani zowonongeka, musataye kapena kukonzetsa kanthu asanadzaone, ndipo lembani kalata limodzi ndi aneba omwe agweredwa zomwezo. Mukapanda kuthandizidwa, nkhaniyo ipite ku MERA. Njira zonsezi zimatenga nthawi ndipo zimafuna umboni, ndipo umboni woyamba womwe aliyense adzafunse ndi lisiti. Malisiti a pa makina a m'masitolo amafufutika pakangotha miyezi ingapo, choncho ajambuleni pa foni tsiku logula, pamodzi ndi khadi la waranti lodindidwa ndi nambala ya chipangizo yolembedwa kumbuyo kwake.